Chigayo cha Teni Koloko

Nditamaliza mayeso a Folomu 4 ndinakhala mfulu masiku naini okha. Mlandu umene unandimangitsa unali waung'ono, kwa ine. Pa esiteti pathu pali chitsulo chopachikidwa pamtengo wa bulugamu, chimene kapitawo amamenya kuti othyola tiyi aweruke. Tsiku lina masana ndinadutsa pamenepo, chomenyera chili pansi, kapitawo kulibe. Inu mukanatani? Anthu anatuluka m'minda ndi madengu osadzaza n'kukafola kusikelo kutatsala ola lathunthu. Ena anandithokoza. Abambo sanandithokoze.

Abambo ndiwo kalaliki wamkulu wa ofesi ya esiteti, komanso ndi mkulu wa mpingo wathu, ife opemphera la Sabata. Samenya mwana. Amayamba aganiza kaye, ndipo chimene amatulutsa akaganiza chimapweteka kuposa ndodo. Anagamula kuti mpaka zotsatira za mayeso zituluke, ndizipita nawo kuntchito m'mawa uliwonse n'kukakhala pabenchi pambali pa tebulo lawo. Osagwira kanthu, osayankhula, osalipidwa.

Benchi limenelo linatsamira khoma la kachipinda ka seva. Seva ndi kompyuta yaikulu imene makompyuta ena onse a muofesi amasungako zinthu zawo. Inali ndi fani yakeyake, pamene ife anthu tinkangochucha thukuta. Kutsogolo kwake kunali kanyale kofiira kamene kankaphethira mwa apo ndi apo, ndipo ndinkakaona kudzera pampata wa chitseko. Munthu wopanda chochita makutu ake amakula. Pofika Lachitatu ndinali nditadziwa kapumidwe ka makinawo kuposa ka munthu aliyense wa kwathu.

M'mawa wonse ankangong'ung'udza chapansipansi. Koma teni koloko ikangodutsa pang'ono, kanyale kaja kankayaka osaphethiranso, ndipo mkatimo munkayamba krrr, krrr, tatata, krrr, kwa mphindi zinayi kapena zisanu. Nthawi yonseyo makompyuta a muofesi ankauma gwa. Wolemba sangasunge, wotsegula sangatsegule. Makalaliki anali atazolowera.

"Chigayo chayamba," mmodzi ankatero, akukankhira mpando kumbuyo, ndipo onse ankapita kukathira tiyi.

Ankati ndi magetsi. Pa esiteti chilichonse chimene anthu sachimvetsa amanamizira magetsi.

Muofesi momwemo munkagwiranso ntchito achemwali anga, amene ndinapondana nawo. Ntchito yawo inali ya makalata. Ofesi yonse inali ndi bokosi limodzi la imelo, ndipo abambo anali ndi lamulo limene anabwera nalo kuchokera nthawi ya mataipi: kalata ya kuofesi satayidwa. Choncho m'bokosimo munali chilichonse kuyambira tsiku limene makinawo anafika. Malipoti a mvula, zithunzi za mathirakitala ogulitsa, mitengo ya tiyi kumsika wa ku Limbe, ngakhale moni wa Khirisimasi uja woimba nyimbo ukamtsegula. Achemwali ankatsegula zimene zabwera, kusindikiza zofunika n'kuziika m'thireyi ya abambo, chifukwa abambo chinthu amachikhulupirira chikakhala papepala.

Lachinayi ndinasiya kuyang'ana kanyale, n'kuyamba kuyang'ana anthu. Teni koloko itakwana, ndinaona achemwali akusendera pafupi ndi kompyuta yawo, dzanja lili patsaya. Milomo yawo inkanjenjemera ngati ya munthu amene akubisa kuseka m'tchalitchi. Anawerenga kawiri. Anaponya diso kwa abambo. Kenako chala chinadina kamodzi, n'kudinanso kachiwiri. Kumbuyo kwanga chigayo chinayamba.

Lachisanu chimodzimodzi. Lolemba chimodzimodzi. Masamu kusukulu ankandivuta, koma samu iyi ndinaipeza popanda kuonera kwa mnzanga.

Poweruka tinkadutsa kanjira ka pakati pa minda, abambo ali patsogolo kucheza ndi kapitawo, ife kumbuyo.

"Achemwali, alamu ali bwanji?"

Anapunthwa pamalo popanda mwala.

"Alamu ake ati? Wayamba misala iwe?"

"Aja amagayitsa chimanga teni koloko aja."

Anandigwira khutu n'kulipotokola mpaka ndinaona nyenyezi masana. Kenako anandisiya, n'kuyamba kufunsa kuti ndadziwa bwanji. Nditawafotokozera anaima chilili pakati pa njira. Miyezi yonseyi sankadziwa n'komwe kuti chigayo amachiyambitsa ndi iwo. Ankafufuta kalata mwakachetechete kuti munthu asadziwe, pamene makina akuimba ng'oma ofesi yonse kumva.

Anandiuza zonse. Munthuyo ankagwira ntchito kufakitale, kutsidya la mtsinje, kuyang'anira makina oumitsa tiyi. Ndi wopemphera Lamulungu, ndipo nthawi ya mvula amagwira ntchito ngakhale la Sabata, chifukwa masamba akathyoledwa sadikira. Foni pakhomo pathu inali imodzi yokha, ndipo inkakhala m'thumba la malaya a abambo. Ndiye iye ankalemba pa kompyuta ya kufakitale nthawi yopuma, iwo n'kuwerenga, n'kufufuta, n'kukhuthulanso bini ya pa kompyutapo kuti pasatsale fungo.

"Tikufuna nkhaniyi idzere njira yake," anatero. "Amalume ake apite kwa amalume athu ku Luchenza, abambo adzaimve kuchokera kwa amalume. Akangoipeza okha m'bokosi la ofesi, zatha. Ukuwadziwa. Ananena pamaso pa aliyense kuti wogwiritsa makina a kampani pa zinthu zake achoka tsiku lomwelo, ngakhale atakhala mwana wawo. Ntchito ndiluza, ndipo munthuyo sadzaponda pakhomo pathu. Ndiye usayerekeze, wamva?"

"Ine? Ndinayamba ndachitapo chiyani ine?"

"Lumbira."

Ndinalumbira kuti sindidzauza munthu, ndipo lumbirolo ndinalisunga. Koma palibe anandilumbiritsa za kung'ung'udza nyimbo. M'mawa mwake chigayo chitayamba, ndinayamba kuimba chamumtima kanyimbo ka paukwati, phazi likugunda pansi motsatira krrr, krrr. Achemwali anagwetsa cholembera. Kalaliki wina anati mwanayu ali ndi mawu abwino, bwanji alowe kwaya.

Zikanathera pomwepo, koma chimbudzi cha ofesi chili kuseri kwa sitolo ya esiteti, mosungira feteleza, magambutsi ndi mapulasitiki ovala othyola tiyi. Kalaliki wa kusitolo ndi mdala wokonda nkhani, tsiku lonse amakhala panja ndi oyendetsa mathirakitala. Kompyuta yake inkangokhala yoyaka, ndipo nditasuzumira ndinapeza kuti nayonso imatsegula bokosi lomwe lija, popanda kufunsa kuti ndiwe yani. Kusukulu tinali ndi makompyuta awiri ana mazana anayi, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene ankalowera pazenera kukawagwira. Maphunziro sapita pachabe.

Kalata yanga yoyamba ndinaipatsa mutu wakuti "Kwa duwa la m'munda nambala 9". Mkati ndinalemba kuti: "Achemwali, mukamachita mantha makutu anu amagwedera." Ndinabwerera pabenchi, manja pamiyendo ngati mwana wa m'busa. Achemwali anaitsegula. Anandiyang'ana ndi diso loti mbuzi ikanagwa pomwepo. Koma akanatani? Kuisiya m'bokosi ndi mutu wakewo kuti abambo adzaione? Anadina, n'kudinanso. Krrr.

Tsiku limenelo chigayo chinagaya katatu. Tsiku lotsatira, kasanu ndi kawiri. Makalaliki anamwa tiyi mpaka shuga anatha, ntchito itaunjikana. Abambo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo pamene ndinkapempha kutuluka kachisanu.

"M'mimba mwako muli bwino iwe?"

"Ndi mango, abambo."

Chimene sindinaganize n'chakuti abambo aimbira foni katswiri wa makompyuta wa ku Limbe. Anafika Lachinayi hafu pasiti naini, atakwera kabaza kuchokera ku Luchenza, thalauza lili matope mpaka m'mawondo, fulashi ikulendewera pakhosi ngati chithumwa. Analowa m'kachipinda kaja, anakhalamo pang'ono, n'kutuluka akuseka.

"Achikulire, makina anuwa ali bwinobwino. Akungotopa ndi kulemba."

"Kulemba chiyani?" anafunsa abambo. "Nthawi imene amaumayo palibe amene amatha kulemba ngakhale chilembo chimodzi."

"Amalemba okha. Bokosi lanu la makalata lakula ngati nyumba yosungira tiyi, ndipo lonselo lili ngati buku limodzi losokedwa." Anatola buku lalikulu la chikuto cholimba patebulo la abambo. "Onani ili. Nditakuuzani kuti muchotse mzere umodzi pakati apa, koma osang'amba tsamba, osasiya mpata, osaoneka pofufutidwa, mungatani?"

Abambo anaganiza. Funso la mabuku amalilemekeza.

"Ndingakopere buku lonse mwatsopano, n'kudumpha mzerewo."

"Basi! Ndi zimene disiki yosunga makalata m'makinamu ikuchita. Munthu akafufuta kalata imodzi, kaya ndi ya mizere iwiri, iyo imakopera zina zonse mwatsopano, zaka zonsezi, n'kudumpha imodziyo. Phokoso mukumvalo ndi limenelo. Ikamakopera imatseka bokosi, kalata yatsopano siilowa, ndipo ena nonse mumadikira pamzere. Kuwerenga makalata sikuivuta. Kutaya ndiko kumaikhetsa thukuta."

Ine ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja. Chinthu chimene umati ukuchichepetsera katundu ndiye ukuchisenzetsa nyumba yonse! Koma abambo anamva zina.

"Ndiye mukundiuza kuti muofesi mwanga muli munthu wotaya makalata."

"Dzulo lokha kasanu ndi kawiri, achikulire."

Abambo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala mphindi teni kuti teni koloko ikwane. Anadzuka, anakonza tayi, n'kupita patebulo la achemwali.

"Taimirira. Lero makalata nditsegula ndine. Ena nonse manja patebulo, pamene ndingawaone."

Achemwali anaimirira kumbuyo kwa mpando wawo, nkhope itatuwa ngati phulusa. Kutsidya la mtsinje munthu wina anali akupukuta manja kuti akhale pa kompyuta, osadziwa kuti lero duwa lake lavala tayi ndi magalasi. Kumuchenjeza kunalibe. Achemwali anandiyang'ana, ndipo ulendo uno m'maso mwawo munalibe mkwiyo. Ndikanakonda mkwiyowo.

"Abambo, mango aja."

Anangokweza dzanja osandiyang'ana.

Ndinadutsa bwalo ngati ndikupitadi kumene ndinanena, kenako ndinakhotera musitolo. Mdala uja anali panja, akufotokozera oyendetsa thirakitala mmene mpira unkaseweredwera kale. Ndinakhala pampando wake. Katswiri anali atanena yekha kuti disiki ikamakopera, kalata yatsopano siilowa. Ndiye ndinatsika pansi penipeni pa bokosi, ndinasankha lipoti la mvula la zaka zinayi zapitazo, n'kudina kawiri.

Kudzera pazenera ndinamva wina muofesi akufuula kuti, "Chigayo!"

Zimene zinachitika mkatimo anandiuza achemwali pambuyo pake. Manja onse anali patebulo. Iwo anali chiimire, atapinda manja pachifuwa, aliyense akuwaona. Abambo anachotsa dzanja pa mausi ngati yawaluma. Koma makina ankagaya basi. Abambo anatembenukira kwa katswiri.

"Mwati munthu akafufuta. Munthuyo ali kuti?"

Katswiri anayamba kuwerenga makompyuta ndi chala.

Kusitolo kuno, chigayo chitangopuma, ndinaponyamo chithunzi cha thirakitala. Chitapumanso, moni wa Khirisimasi. Teni koloko inali itadutsa. Koma ndinadziwa kuti ndikungochedwetsa. Kalata ya alamu inali itaima pakhomo ngati mlendo wodikira kuti amutsegulire, ndipo sindikanatha kugaya mpaka Chaka Chatsopano. Inayenera kulowa, ndipo woyamba kuigwira anayenera kukhala ine.

Nditasuzumira pazenera ndinaona chitseko cha ofesi chikutseguka. Wina anali atakumbukira kuti kusitolo kulinso kompyuta. Abambo anatuluka n'kuyamba kudutsa bwalo. Mwayi wanga unali wakuti mkulu wa mpingo sathamanga. Amayenda ngati akupita kukatsegula nyimbo yoyamba. Ndinachotsa manja pa kiyibodi, n'kumangoyang'ana. Makina ankakoperabe. Abambo anadutsa mtengo wa bulugamu. Anadutsa thirakitala. Mdala wa kusitolo anawapatsa moni, ndipo Mulungu amudalitse mdala ameneyo, moni wake ndi wautali, amafunsa mpaka za nkhuku.

Bokosi linatseguka. Pamwamba penipeni panagwera kalata yatsopano.

Kodi ndinaiwerenga? Musandifunse zachibwana. Inali ya mizere inayi yokha, ndipo ndinaimeza yonse ngati mankhwala. Ndinadina, n'kudinanso. Kutali uko chigayo chinayambanso, ndipo pakhomo la sitolo panagwa mthunzi.

"Ukutani?"

"Ndikugaya, abambo."

Ananditengera kuofesi, n'kundiimika pakati. Sanakweze mawu.

"Zonsezi ndiwe?"

"Ndine."

Ndinayesetsa kuti nkhope yanga ioneke yachisoni, koma inkakana. Kalaliki wina anabisa mutu m'kabati ngati akufuna fayilo, mapewa akugwedezeka. Katswiri anati, "Komatu mnyamatayu mutu ali nawo, achikulire."

"Sindinakufunseni," anatero abambo.

Anakhala pansi n'kuyamba kuganiza, ndipo ndinadziwa kuti zanga zada. Kenako anatsegula kabati, anatulutsa buku la mvula la esiteti, lija amalembamo mvula ya tsiku lililonse munda ndi munda, ndi buku lina latsopano lopanda kanthu.

"Makina akhala akukopera bokosi lonse chifukwa cha iwe. Tsopano ukopera ndiwe. Buku lonseli, ndi dzanja. Mzere wa lero uudumphe."

"Mzere wa lero uli kumapeto, abambo. Bwanji ndingo..."

"Yamba tsamba loyamba."

Katswiri, asanabwerere ku Limbe, anagawa bokosi lija m'timabokosi ta chaka ndi chaka, kuti kufufuta kusamagwedezenso nyumba yonse. Anakokanso waya wa kompyuta ya kusitolo. Kuyambira tsiku limenelo chigayo chinakhala chete, ndipo makalaliki, amene anataya tiyi wawo wa teni koloko, anandikwiyira kuposa abambo.

Madzulo a tsiku lomwelo abambo anauza achemwali kuti atsogole. Tinayenda awiriwiri m'kanjira ka m'minda, tiyi atanyowa ndi kamvula ka masana.

"Chigayo chija chinayamba mu Ogasiti," anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Iwe unabwera muofesi mu Novembala."

"Ndinkachita patali, abambo."

Tsaya lawo linagwedera pang'ono, koma anakhosomola n'kulikonza.

"Akanakhala munthu wolembedwa ntchito, ndikanamuchotsa lero pamaso pa onse. Ndinanena ndekha, ndipo mawu anga sindimeza. Iwe ulibe ntchito yoti ndikuchotse." Anayenda pang'ono. "Mlendo weniweni amadzera pakhomo, salowera pazenera. Ukawauze amene akufunika kumva zimenezi."

Uthengawo ndinaufikitsa wonse, osadumpha mzere. Achemwali anakhala pansi pakhonde, analira pang'ono, anaseka pang'ono, kenako anakumbukira chinthu china n'kundigwira mkono.

"Kalata ija. Anati chiyani?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti padziko lonse lapansi, kupatula mlembi wake, amene anaiona kalatayo ndi ine ndekha.

"Dzanja likundipweteka, achemwali. Dzanja likapweteka ndimaiwala."

Mzere woyamba ndinawauza Lachinayi lomwelo, atandisitira malaya. Unali moni chabe, ndipo anatsala pang'ono kundiponyera simbi yamoto. Wachiwiri ndinawauza Lachisanu dzuwa lisanalowe, atandipatsa ntchafu ya nkhuku ya m'mbale mwawo. Unkanena kuti fakitale yadzaza masamba ndipo wawasowa. Wachitatu ndinausunga mpaka Sabata litatha. Unkati: "Amalume anga apita kwa amalume ako ku Luchenza Lamulungu lino."

"Lamulungu lino? Mawa? Iwe mwana iwe, ukanandiuza Lachinayi!"

"Simunafunse mzere wachitatu."

M'mawa mwake achemwali anadzuka tambala asanatsike n'kuthamangira ku Luchenza kukachenjeza amalume kuti alendo akubwera, asawapeze ali kumunda. Anafika kutatsala pang'ono, amalume anapeza nthawi yovala jekete. Mlungu wotsatira amalume anabwera kwathu n'kukhala ndi abambo pansi pa mtengo wa mapeyala. Abambo anamvetsera nkhani yonse ngati akuimva koyamba, mpaka kufunsa kuti mnyamatayo amagwira ntchito kuti. Za tsiku lopemphera anakambirana maulendo atatu, ndipo mpaka pano sindikudziwa amene anapambana. Chimene ndikudziwa n'chakuti chinkhoswe chinachitika mvula itatha, ndipo achemwali akadali patebulo lawo la makalata. Alamu anawagulira foni yawoyawo.

Buku la mvula ndinalikopera masiku naini, chala chapakati chinatupa ngati chinangwa. Lero mukandidzutsa kutulo n'kundifunsa munda umene umalandira mvula yambiri pa esiteti pathu, ndikuyankhani osatsegula maso. Abambo amati ndi phindu la chilango. Ine ndimati ndinalipira mtengo wabwino, chifukwa m'mbiri yonse ya ofesi imeneyo palibe wina anaimitsapo makalaliki asanu ndi mmodzi manja ali patebulo ngati ana a Sitandade 1.

Mzere wachinayi sindinawauze achemwali, ndipo sindikuuzani inunso. Alamu akudziwa kuti ndinauwerenga. Tikakumana pamsika amandikokera pambali, kundigulira zoziziritsa kukhosi ndisanapemphe, n'kumandiyang'ana ngati munthu woyang'ana galu amene sakumudziwa ngati amaluma. Ine ndimangomwa pang'onopang'ono, kenako n'kuyamba chapansipansi: krrr, krrr.